FreeRTOS kapena Zephyr pa ESP32, ndithandizeniko

Abale ndithandizeniko pano. Ndikupanga kachipangizo koyeza chinyezi m'dothi, kamatumiza manambala pa Wi-Fi kudzera MQTT (njira yotumizirana mauthenga pakati pa zipangizo), bodi yake ndi ESP32. Ndili pa FreeRTOS, operating system ya tizipangizo tating'ono, poti imabwera kale mu ESP-IDF (zida zolembera mapulogalamu a ESP32), koma chiwonjezereni task (kagawo ka pulogalamu koyenda pakokha) yachitatu yowerenga sensa kamangozima nkuyakanso kokha, pa serial monitor pakulemba stack overflow (kutanthauza kuti stack, memory ya task, yasefukira), ndakweza stack mpaka 4096 bytes koma pakangopita maola angapo zayambiranso. Mnzanga akuti ndisamukire ku Zephyr, operating system ina ija ya Linux Foundation, ndayesa zida zake, west ndi devicetree, usiku wonse mutu wangoima. Inu amene munagwiritsapo zonse ziwiri, kusamuka kungathetsedi zimenezi kapena vuto lili mu code yangayi? Komanso pa deep sleep (bodi ikagona kuti isamadye moto wambiri), iti imasunga bwino batire?