Kodi duwa la Echinacea lingamere bwino kuno ku Lilongwe?

Mayi wolima maluwa, Area 47:
Ndikupempha nzeru kwa amene mumadziwa za maluwa. Ndili ndi njere za Echinacea purpurea, duwa lofiirira lokhala ndi chisonga cha timinga pakati, lomwe limamera lokha m'zigwa za udzu ku North America. Kodi lingapirire dothi lathu la katondo ndi mvula ya Januwale, ndipo ndifese liti?

Bambo wa nazale, Area 25:
Mayi, duwalo ndi la banja limodzi ndi mpendadzuwa, chisoso ndi deliya, choncho dzuwa la kuno silingaliopse, ndipo likakhazikika limapirira chilala. Chimene ndingaope ine ndi madzi odikha, chifukwa katondo akanyowa kwambiri amagwira madzi mpaka mizu kuola. Kwezani bedi, sakanizani dothi ndi mchenga komanso manyowa owolerana pang'ono, ndipo musalibzale pansi pa mtengo wa mango.

Nkhani yaikulu ili pa njere. Kwawoko zimagwa pansi n'kugona m'dothi nyengo yonse ya chisanu choopsa zisanamere, pamene kuzizira kwathu kwa Juni ndi Julayi sikufika pamenepo. N'chifukwa chake ndi bwino kuziika mu mchenga wa chinyezi, n'kuzisunga mu furiji pafupifupi masiku 30 musanafese. Mtundu wanuwo umamera ngakhale popanda zimenezi, koma wa Echinacea angustifolia ndiye umavuta kwambiri. Fesani m'machubu mu Okutobala kuti mbande ziwokeredwe mvula ikayamba, ndipo musataye mtima mukapanda kuona maluwa, popeza nthawi zambiri limachita maluwa chaka chachiwiri.

Mphunzitsi wopuma, Kawale:
Ndikugwirizana ndi bambowa, koma ine nkhawa yanga ndi ya zomera zachilendo. Deliya anachokera ku Mexico ndi Central America, ndipo lero wadzaza m'mbali mwa misewu ndi mitsinje. Echinacea safalikira mwaukali chotero, komabe dulani mitu ikauma kuti njere zisamwazike kunja kwa mpanda.

Mayi wolima maluwa, Area 47:
Zikomo kwambiri, abambo nonse. Nanga za mankhwala a chimfine zimene anthu amanena n'zoona?

Namwino, Area 18:
Amayi, eni nthaka a ku America ankagwiritsadi ntchito mizu yake ngati mankhwala, koma kafukufuku sanasonyeze motsimikizika kuti imachiza chimfine. Amene thupi lawo limadana ndi mungu wa maluwa a banja limeneli akhoza kutuluka ziwengo, choncho musapatse ana musanafunse dokotala.