Ndigule kamera yatsopano kapena lens?

mnyamata_wa_ku_Zomba:
Anzanga ndithandizeni. Ndili ndi Canon 600D ndi lens ija imabwera nayo ya 18-55mm, koma ndikajambula ana mnyumba madzulo zithunzi zimatuluka zamdima komanso zosaoneka bwino. Ndalama ndasungako pang'ono, ndisinthe body (kamera yeniyeniyo) kapena ndigule lens?

chejambula:
Achimwene body musaigwire kaye, vuto ndi lens. Ya kit ija ukaizuma mpaka 55mm imatseguka f/5.6 basi, kuwala kumalowa kochepa. Gulani 50mm f/1.8 STM, imatseguka kwambiri ndiye kuwala kumalowa kochuluka, ndiyotchipa ndipo kumbuyo kwa munthu kumafewa bwinobwino. Kungoti pa 600D imaoneka ngati 80mm chifukwa sensa yake ndi yaing'ono, ndiye mchipinda chaching'ono muzibwerera mmbuyo mpaka kukhoma kkkk.

mayi_awiri:
Zoona, nchifukwa chake ine mnyumba ndimakonda 24mm f/2.8 ya EF-S (ma lens a makamera a sensa yaing'ono ngati yanuyo), imajambula malo aakulu osabwerera mmbuyo. Koma ngati mukufunanso mbalame ndi njovu za ku Liwonde, zonsezi sizifika, pamafunika 55-250mm.

chejambula:
Komanso mukadzapita ku mirrorless (makamera opanda kalilole mkati) ya Canon R ma lens amenewa adzagwirabe ndi adaputa, simutaya ndalama. Mukamagula lens yakaunjika muiwunike ndi tochi, ngati mkati muli nkhungu isiyeni.