Mipira yooneka ngati mapapaya yafika, nkhani ya simenti yadzukanso

Aphunzitsi a kumudzi: Mwadzuka bwanji nonse. Katundu amene anatumiza achimwene a ku Cape Town wafika dzulo pa basi ya ku Joni, ndinakamutenga ndekha pa kabaza. Muli mipira 12, majezi 30 obiriwira ndi thumba la timalamba tomanga m'chiuno. Ana ataiona mipirayo anaseka mpaka misozi, akuti ndi mapapaya. Wina anauponda kuti awumenye ngati wa miyendo, unanjanja n'kubwerera kukam'gunda pamphumi.

Tcheya: Tathokoza kwambiri achimwene. Ambuye abwezere pamene mwachotsapo.

Mayi a ku Ndirande: Zikomo ndithu. Koma ndi ya masewera anji mipira yopindika chonchi?

Achimwene a ku Cape Town: Ya rugby, mayi. Ndiloleni ndifotokoze pang'ono, a Tcheya, chifukwa katunduyu sindinangotumiza kuti ana azisekera. Chaka chino ndi chachisanu ndi chinayi ndikutchetcha kapinga ndi kujambula mizere pa bwalo la kalabu ina kuno. Loweruka m'mawa kumabwera ana a sukulu, ena aang'ono ngati a Sitandade 6 kwathu. Makolo amakhala mbali imodzi kumakuwa. Koma kumakhalanso azibambo awiri atatu amene sakuwa n'komwe, amangokhala pakona ndi kabuku, kulemba nambala ya jezi. Amenewo ndiye anthu oopsa. Mwana akawasangalatsa, chaka chamawa mumangomva kuti ali pa sukulu yapamwamba, fizi ndi chakudya zonse zolipiridwa.

Achimwene a ku Cape Town: Siya Kolisi wa timu ya rugby ya South Africa mumamuona pa TV uja anachokera ku Zwide, komboni kwenikweni, kogona ndi njala. Ali ndi zaka 12 anakasewera mpikisano wa ana ku Mossel Bay, anthu a timabuku aja anamuona, n'kum'pezera malo pa sukulu yapamwamba ya Grey. Mu 2019 ananyamula chikho cha dziko lonse ku Japan, mu 2023 anachinyamulanso ku France. Akanapanda kukwera basi ya ku Mossel Bay ija, bwenzi lero palibe akumudziwa.

Achimwene a ku Cape Town: Tsono vidiyo ija anatumiza aphunzitsi ya tsiku la masewera pa sukulu, ine ndaionera kakhumi. Mnyamata wa Sitandade 7 uja, wothamanga wopanda nsapato, anawombana ndi anzake awiri pokhota, awiriwo pansi, iye osagwedezeka ngakhale pang'ono, n'kupitiriza liwiro. Mapewa amene aja, ntchafu zimene zija, ndiponso kusaopa munthu. Ndinaonetsa kochi wa kuno, anafunsa kuti mwanayo amasewera timu iti. Ndinachita manyazi kuyankha kuti amasewera ndi matumba a chimanga ku chigayo. Pempho langa ndi ili: tisonkhe, tisalaze bwalo la kuseri kwa sukulu, tiimike mitengo, kenako tiitane sukulu zinayi za m'zoni yathu ku mpikisano wa tsiku limodzi. Tiitanenso anthu a rugby a m'tauni adzaone ndi maso awo.

Msungichuma: Ganizo labwino. Bajeti yake ndi zingati?

Malume a ku Mzuzu: Tisanafike pa bajeti. Matumba 40 a simenti ya mlatho tinasonkha tonse muno. Anafika pamtsinje ndi 26. Ena 14 anamera mapiko?

Tcheya: Malume, nkhani imeneyo tinaikamba kale.

Malume a ku Mzuzu: Tinaikamba, inde. Kuimaliza sitinaimalize. Kukamba ndi kumaliza n'zosiyana, a Tcheya. Mlatho uja mpaka lero amayi akuwoloka atakwinya zitenje.

Msungichuma: Nthawi imeneyo buku silinali m'manja mwanga, aliyense akudziwa. Amene anali nalo anatuluka m'gulu muno usiku osatsanzika. Ine chilandirireni bukuli malisiti ndimaika muno mwezi uliwonse, amene sawerenga ndi vuto lake.

Malume a ku Mzuzu: Sindinatchule dzina la munthu ine. Bwanji mukudzigwira pamtima?

Madala a ku Kitwe: Ana inu, tabwererani ku mpira. Ine ndakulira ku migodi kuno, bambo anga anabwera kudzagwira ntchito ya mkuwa ndisanabadwe. Rugby kuno si yachilendo ayi. M'matimu ngati Diggers ya kuno ku Kitwe ndi Leopards ya ku Mufulira, ana a anthu wamba akhala akusewera kuyambira kale. Ine ndinasewerapo ndili mnyamata, dzino limodzi ndinalisiya pabwalo. Ndikuvomera ganizoli.

Anamwino a ku Leeds: Madala, dzino limenelo ndiye nkhawa yanga. Bwalo la kuseri kwa sukulu ndimalidziwa, mu Okutobala limauma gwa ngati konkire, miyala ili mbwee. Mwana akagwetsedwa n'kumenyetsa mutu, atenga ndani kupita naye kuchipatala? Pa njinga? Munthu wovulala khosi sanyamulidwa chisawawa. Ku Cape Town kuli kapinga wothirira ndi ambulansi pambali pa bwalo, musaiwale zimenezo achimwene.

Achimwene a ku Cape Town: Achemwali mwanena zoona, n'chifukwa chake ndaika timalamba tija. Ana oyamba sagwetsana ayi. Aliyense amamanga lamba wokhala ndi tinsalu tiwiri m'mbali, mnzako akakuthothola kansalu ndiye kuti wakugwira, uyenera kupereka mpira. Amaphunzira kaye kuthamanga ndi mpira m'manja ndi kuuponya cham'mbuyo, chifukwa mu rugby kuponyera mnzako kutsogolo n'kulakwa. Chimenechi chokha chimasokoneza mutu mwezi wathunthu. Zogwetsana ndi zokankhana anthu eyiti mbali iyi eyiti mbali iyo zimabwera pambuyo, akapezeka wowaphunzitsa bwino.

Achimwene a ku Cape Town: Komanso sitikufuna ana 15 pa timu. Tiyambe ndi ya anthu 7, mphindi 7 chigawo chilichonse. Tsiku limodzi sukulu zinayi zonse zitha kukumana n'kumaliza dzuwa lisanapendeke. Anzathu a ku Kenya anatchukira yomweyo ya anthu 7, mu 2016 anagonjetsa Fiji mu fainolo ku Singapore. Fiji, anthuni!

Mayi a ku Ndirande: Ine ndingofunsako. Mitengo ya netball ya atsikana munalonjeza chaka chatha ili kuti? Atsikana akuponyera mu mkombero wa njinga womangirira ku mtengo wa mango. Lero mwaona mnyamata m'modzi wa mapewa, gulu lonse ladzuka. Ngati n'kufuna mwana wotchuka, njira ya netball ndiye yotseguka kale. Mwawi Kumwenda anachokera kumudzi ku Mzimba, anakasewera mpaka ku Australia, mu 2015 anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse pa chikho cha dziko lonse. Rugby ya ku Malawi mwana ikam'fikitsa kuti?

Mlembi: Apa mayi alasa.

Achimwene a ku Cape Town: Atsikana nawonso amasewera rugby, mayi. Majezi 30 aja sindinalembepo kuti anyamata okha.

Mayi a ku Ndirande: Sindinafunse za majezi. Ndafunsa za mitengo.

Achemwali a ku Harare: Ndilowererepo pang'ono. Kuno rugby ya masukulu ndi nkhani yaikulu, nthawi ya chikondwerero chake pa sukulu ya Prince Edward mumadzaza anthu ngati kumsika. Tendai Mtawarira, uja amati Beast, anayambira pa sukulu ya Churchill, kenako ya Peterhouse, kenako timu ya Sharks ya ku Durban inam'tenga, n'kudzasewerera South Africa magemu 117. Ndipo timu ya dziko lino, Sables, inapeza malo ku chikho cha dziko lonse cha 2027 itagonjetsa Namibia ku Kampala mu 2025, koyamba chichokereni 1991. Koma achimwene, taonani mayina a sukulu ndatchulazi. Anthu a timabuku mukunenawo amapita kumene kuli kale kapinga ndi makochi. Kwathu msewu wake uja, dzinja likafika ngakhale galimoto ya mankhwala imabwerera panjira. Adzabwera ndani?

Achimwene a ku Cape Town: Makazole Mapimpi sanaphunzire sukulu yotchuka iliyonse. Anakulira kumudzi ku Tsholomnqa, ku Eastern Cape, ankasewera timakalabu tosadziwika, anavala jezi ya dziko ali ndi zaka 27. Chaka chotsatira ndi iye anagoletsa try (chigoli cha mu rugby) yoyamba ya South Africa mu fainolo ya chikho cha dziko lonse. Anachedwa chifukwa panalibe womuona msanga. Ine sindikunena kuti mwana wathuyu akhala Mapimpi mawa. Ndikunena kuti pakali pano amene wamuona ndi ine ndekha, pa foni, vidiyo yake yogwedezeka.

Malume a ku Mzuzu: Mayina onsewa ndi okoma. Nawonso anasonkha simenti?

Tcheya: Malume chonde.

Aphunzitsi a kumudzi: Palinso vuto lina. Bwalo lija Lamlungu limakhala la timu ya mpira wa miyendo ya m'mudzi, ndipo magolo ndi awo, anagula okha. Ndamva kale akunena kuti wina akangokhudza magolo awo aona zakuda. Masana ena onse mumadya ng'ombe za a nyakwawa.

Achimwene a ku Cape Town: Magolo awo asiyeni. Athu ndi ena, amakhala ngati chilembo H, mitengo iwiri italiitali yotalikirana mamita 5.6, wopingasa mamita 3 kuchokera pansi. Bulugamu zisanu ndi imodzi zowongoka zakwana. Ndiponso poyamba pomwe sitikuwafuna, try ndi kugunditsa mpira pansi kuseri kwa mzere basi, mapointi 5. Phulusa lojambulira mzere lilipo nyumba iliyonse.

Madala a ku Kitwe: Bulugamu dulani m'munda mwathu muja, kumtunda kwa chitsime.

Mlembi: Madala, munda umenewo si uja muli pa mlandu ndi ana a mlongo wanu?

Madala a ku Kitwe: Mitengo ija anabzala bambo anga ndi ndalama za ku mgodi. Amene akufuna kutsutsa andiimbire, asalembe muno.

Mayi a ku Ndirande: Ngati mitengo ikudulidwa, iwiri ikhale ya netball. Apo ayi ine sindisonkha.

Msungichuma: Bajeti sindinapatsidwebe.

Achimwene a ku Cape Town: Ndilemba usiku ndikaweruka. Koma ndinene poyera, ndalama zanga ndidzatumiza kwa aphunzitsi mwachindunji, sizidutsa m'thumba la gulu.

Msungichuma: Ndiye mukutanthauza chiyani pamenepa? Nenani momveka achimwene, tonse ndife akuluakulu.

Malume a ku Mzuzu: Ehee. Tsopano mwafika pamene ndinayambira ine.

Tcheya: Abale, tisatukwanizane chifukwa cha mipira ya mphatso. Tikumana pa foni Lamlungu 3 koloko, aliyense adzanene maganizo ake. Mlembi lembani mitu itatu: bwalo, netball, simenti.

Anamwino a ku Leeds: Lamlungu ndili pa ntchito. Onjezani mutu wachinayi, bokosi la mankhwala.

Aphunzitsi a kumudzi: Pepani ndibwerezenso. Mipira 9 mwa 12 ija yafika yophwa, ndipo pampu ya njinga sikulowa pakamwa pake. Achimwene, kansingano kopopera munaika thumba liti? Komanso mnyamata uja sanabwere kusukulu kuyambira Lolemba, anzake akuti ali ku ganyu yokolola.

Malume a ku Mzuzu: Pa mitu ija simenti ikhale yoyamba.