Gumboro wapha anapiye omwe analandira kale katemera, chalakwika n'chiyani?

Mlimi wa ku Lunzu:
Akuluakulu thandizeni. Anapiye 500 a nkhuku zoikira mazira anamwa katemera wa gumboro ali ndi masiku 7. Pa tsiku la 26 ayamba kuzyolika, nthenga zili nyankhalala, akutsegula m'mimba zoyera zamadzimadzi, ena akudzijompha kumbuyo. Akufa ambiri tsiku lililonse. Kodi ndi gumboro kapena chitopa? Ngati ndi gumboro, katemera uja wagwira ntchito yanji? Gulu lina la anapiye likubwera pakatha milungu iwiri, khola ndi lomwelo.

Mlangizi wa ziweto:
Pepani bambo. Msinkhuwo ndi wa gumboro ndithu, amakonda anapiye a milungu 3 mpaka 6, ndipo oikira mazira amafa kwambiri kuposa mabroiler. Koma musangokhulupirira maso, tumbulani atatu kapena anayi amene angofa kumene. Pamwamba penipeni pa malo otulukira zitosi pali kathumba kotchedwa bursa. Kakakhala kotupa, kokutidwa ndi zonanda zachikasu, mwina ndi magazi mkati, ndi gumboro. Sendani khungu la pantchafu ndi pachifuwa, mupeza timadontho kapena timizere ta magazi mu mnofu. Impso zimatupa n'kuyererako. Chitopa chimabwera ndi kubanika, zitosi zobiriwira ndi kupinda khosi, ndipo sichisankha msinkhu. Dziwaninso kuti pofika tsiku la 8 chiyambire matenda bursa imakhala itafota, ndiye mukachedwa kutumbula simuona kutupako.

Za katemera, ndikukayikira tsiku limene munaperekera. Mwanapiye amaswedwa ali ndi chitetezo chochokera kwa make kudzera mu dzira. Chitetezocho sichisiyanitsa kachilombo ka matenda ndi ka mu katemera, chimapha zonse. Chimatsika ndi theka pa masiku atatu kapena atatu ndi theka aliwonse kwa mabroiler, koma kwa oikira mazira zimatenga masiku asanu ndi kuposerapo. Ndiye pa tsiku la 7, ngati makolo ake anabayidwa bwino, katemera wanu anangofera m'thupi. Pofika sabata yachinayi chitetezo cha make chinali chitatha, chake chake alibe, kachilombo kanapeza pakhomo potsegula. N'chifukwa chake ambiri amapereka kawiri, mabroiler cha m'ma 14 ndi 21, oikira mazira mochedwerapo pang'ono. Tsiku lenileni funsani kumene mumagula anapiye, ndi iwo akudziwa mmene anatemerera makolo. Funsaninso ngati anapiyewo anabayidwa kale ku hatchery (malo oswetsera anapiye), chifukwa kuli akatemera ena obaya pa tsiku loyamba kapena mu dzira lomwe.

Amene akudwalawa mankhwala ake palibe. Apatseni madzi ambiri okhala ndi ma electrolyte (michere yobwezeretsa madzi m'thupi) ndi mavitamini, muwafunditse, ndipo pewani mankhwala a sulfa chifukwa impso zavulala kale. Imfa zimakwera masiku atatu kapena anayi kenako n'kutsika, pakatha sabata zimaleka. Otsalawo chitetezo chawo chimakhala chofooka, ndiye muwaonetsetse pa chitopa ndi coccidiosis (matenda a m'matumbo).

Mayi wa mabroiler, Area 25:
A alangizi anena zoona, koma tisanaloze tsiku chala tione kaye kamwetsedwe. Katemerayu ndi wamoyo. Amafuna kuzizira kwa 2 mpaka 8 digiri kuchokera kusitolo mpaka kukhola, choncho pokagula tengani flask ya ayezi, ndipo wa mu firiji imene yagona magetsi atathima musamudalire. Madzi a pampopi ali ndi chlorine amene amamupha nthawi yomweyo. Tungani a pamjigo, kapena a pampopiwo agone usiku mu ndowa yosavindikira, kenako thirani magalamu 2 a mkaka wa ufa wopanda mafuta pa lita iliyonse, mudikire mphindi 15. Kabotolo katsegulireni m'madzi momwemo. Zomwera zikhale zapulasitiki, zotsukidwa ndi madzi okha, popanda sopo. Chotsani madzi kwa ola limodzi kapena awiri m'mawa kuti anapiye amve ludzu, ndipo katemerayo athe pasanadutse maola awiri. Kayezedwe kosavuta: anapiye 1,000 a masiku 14, malita pafupifupi 14. Zomwera zikachepa amphamvu amamwa kawiri, ofooka osalawa n'komwe. Botolo la anapiye 1,000 mukalisungunula lotsala limatayidwa, silidikira mawa.

Wa ku hatchery:
Pali nkhani ya mphamvu ya kachilombo. Gumboro amene katswiri wina dzina lake Cosgrove anayamba kulemba za iye mu 1962 ku Gumboro, m'boma la Delaware ku America, sankapha kwambiri. Cha m'ma 1987 ku Belgium ndi Netherlands kunabuka mtundu woopsa zedi umene unafalikira ku Asia ndi ku Africa, ndipo umatha kupha oposa theka la khola la oikira mazira. Umenewu umaboola chitetezo cha make chikadali chokwererako, pamene katemera wa mphamvu yapakati ngati wotchedwa D78 sanayambe kugwira. Pakhola pamene gumboro wapha kale, ganizirani katemera wamphamvu ngati wotchedwa 228E. Koma si wongomwetsa chisawawa, iyenso amavulazako bursa, makamaka kwa anapiye opanda chitetezo cha make.

Za gulu latsopanolo bambo, milungu iwiri ndi yochepa, liimitseni kaye. Kachilomboka kamapirira, kanapezekapo kamoyo m'khola patatha masiku 122 nkhuku zitachotsedwa. Utuchi wonse utuluke ukatenthedwe kapena kukwiriridwa kutali, akufa akwiriridwe mozama agalu asafukule. Tsukani ndi sopo kaye mpaka zitosi zouma zichoke, kenako mupopere mankhwala a glutaraldehyde, formalin kapena ayodini. Tizikumbu takuda tobisala mu utuchi timasunga kachilomboka, tipheni tisanathawire m'ming'alu ya khoma. Matumba akale a chakudya asalowenso, ndipo wosamala otsalawo asaponde kwa anapiye atsopano ndi nsapato zomwezo.