Chikopa cha mbuzi chingatheke popanga zidole za zithunzithunzi za ku China?

Abale, ndikupempha nzeru kwa inu odziwa ntchito ya zikopa, kapena amene munakhalako ku China. Ndikufuna kupanga ndi ana asukulu zidole za sewero lija amalitcha piying, loonetsa zithunzithunzi pa nsalu yoyera nyali ikuyaka kuseri. Bungwe la UNESCO, loona za maphunziro ndi chikhalidwe padziko lonse, linalilemba pa miyambo yofunika ya anthu mu 2011.

Ku Tangshan, m'chigawo cha Hebei, amagwiritsa ntchito chikopa cha bulu, pomwe ku Shaanxi amakonda cha ng'ombe. Amachiviika m'madzi, n'kuchipala mpaka chipyapyale moti kuwala kuzidutsa, kenako amachijoba ndi timipeni n'kupaka utoto. Amisiri a ku Huaxian, dera la m'chigawo cha Shaanxi, amandigometsa: mpeni amangougwira chilili, chimene amakankha ndi chikopacho. Ziwalo amalumikiza ndi ulusi, mutu umazulika, ndipo chidole chimayendetsedwa ndi timitengo titatu, kamodzi pakhosi, tiwiri m'manja.

Tsono bulu ndikamupeza kuti? Kwathu kuno chosavuta kupeza ndi chikopa cha mbuzi. Kodi chimapalika mpaka kuonekera kuwala osang'ambika? Nanga chikauma, mumatani kuti chisapindike ngati chiwamba chosiyidwa padzuwa? Anzathu a ku China amachipsinja ndi zinthu zotentha, ena n'kupaka mafuta a mtengo wa tung. Mafuta amenewa angalowedwe m'malo ndi chiyani, vanishi wamba?

Pulasitiki musandiuzeko chonde, ndikufuna ana agwire chikopa chenicheni. Osema ng'oma, inunso ndithandizeni pa kapalidwe.