Mayi anga akubuula usiku wonse koma akuti palibe powawa

Wofunsa, ku Ulónguè: Abale a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Mayi anga ali ndi zaka 78, ndipo kuchipatala anati ali ndi dementia, matenda oiwalaiwala aja. Kwa sabata ziwiri tsopano akubuula usiku, akukana nsima, ndipo ndikati ndiwasambitse amandimenya dzanja, koma ndikawafunsa powawa amangoti palibe. Achimwene anga ali ku Moatize ndipo satumiza ngakhale metikali imodzi, alamu anga akufalitsa zoti mayi ayamba ufiti, pamene ine ndasiya dimba langa la mbatatesi likuuma. Kodi ndi matendawo akukula?

Bambo a ku Dómuè: Ana a masiku ano mumachotsa makolo pakhomo pawo n'kukawatsekera m'nyumba za simenti, kenako mukudabwa akamalira. Mayi anga anamwalira ali pamkeka wawo, osadandaula. Abwezereni kumudzi, chifukwa munthu woiwala samva ululu.

Namwino wopuma ntchito: Bambo, zimenezo si zoona. Kafukufuku amasonyeza kuti pafupifupi theka la odwala matendawa amamva ululu kawirikawiri, koma mawu oufotokozera ndi amene amawathawa. Nyamakazi, dzino lobooka, kudzimbidwa, matenda a chikhodzodzo ndi zilonda zobwera chifukwa chogonera mbali imodzi ndizo zimachuluka. Mayi, muziyang'ana nkhope ngati akukwinya, kapumidwe kawo, ndi malo amene akuteteza mukawagwira. Kodi anagwapo posachedwa?

Mayi a ku Furancungo: Agogo anga tinawamangirira pampando mwezi wathunthu poganiza kuti apenga, kufikira mwana wina anaona tsaya litatupa. Atazulidwa dzino anagona tulo mpaka m'mawa. Mpaka lero mtima wanga sunapole.

Bambo a ku Dómuè: Dzinolo akanalizindikira msanga akanakhala pakati pa abale ake kumudzi. Inu a chipatala mumangofuna kumwetsa nkhalamba mapiritsi.

Namwino: Ku Norway mu 2011 odwala otere atapatsidwa mankhwala a ululu, ambiri mwa iwo paracetamol, kuvuta kwawo kunachepa. Koma achipatala ayambe awapima mayi anu thupi lonse.

Wofunsa: Zikomo nonse. Kumudziko ndi kumene kuli alamu onena za ufiti aja, choncho sindingawabweze. Achimwene ndawaimbiranso lero, sakuyankha.

Namwino: Mayi, sindinamve yankho lanu. Kodi mayiwo anagwa, ndipo akuponda ndi miyendo yonse iwiri?