Kampani imodzi kujambula ndi kumanga mphambano za pa M1: phindu ndi ngozi zake zili pati?

Mwana wa ku Bembeke

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Mphambano zathu za pa M1, monga pokhotera ku Golomoti pa Masasa ndi pokhotera ku boda ya Dedza, zayamba kuchepa ndi mathiraki. Tsiku lina zidzafuna kukonzedwa, mwina mpaka msewu wina kudutsa pamwamba pa unzake ngati pa Area 18 ku Lilongwe. Ntchito yotere ikaperekedwa mwa design-build, kutanthauza kuti kampani imodzi ijambule mapulani n'kumanganso yokha, boma limapindulanji? Nanga limadziteteza bwanji kuti lisamangiridwe chinthu chosalimba?

A Ngozo a pa Mphate

Achimwene, kusiyana kwake kuli pa mwini cholakwa. Mwa njira yomwe tinazolowera, Roads Authority imalemba ntchito mainjiniya ajambule mapulani onse, kenako tenda ya omanga imatuluka payokha. Mapulani akapezeka olakwika, womanga amati si ine, ndipo ndalama yowonjezera imachoka m'thumba la boma. Mu design-build wojambula ali pansi pa kontrakitala, choncho mlatho ukalakwika palibe wolozerana naye chala. Pa mabuku a mapangano a zomangamanga a FIDIC, bungwe la mainjiniya la padziko lonse, njira yoyamba ndi Red Book, iyi ndi Yellow Book, ndipo mtengo wake umakhala umodzi wa ntchito yonse.

Nthawi imapulumukanso, chifukwa mapulani a maziko akangovomerezedwa amayamba kukumba pomwe ojambula akumaliza za pamwamba. Kuno mvula ikayamba mu Novembala kutsendera dothi kumavuta mpaka Epulo, ndiye miyezi itatu yokha ingapulumutse chilimwe chathunthu.

Koma mtima wa nkhani ndi chikalata cha zofuna za mwini ntchito. Chimene simunalembe, simudzachiona. Mulembe kuti njira iliyonse ikhale mamita 3.5 m'lifupi, pansi pa mlatho pakhale mpata woposa mamita 5, msewu upirire katundu wa zaka 20, ndipo mutchule liwiro la pokhota. Osaiwala oyenda pansi, a kabaza ndi poima maminibasi. Mukangolemba kuti "mphambano yamakono", kontrakitala adzasankha chotchipa, ndipo sadzakhala ataphwanya pangano.

NaJere wa pa Lizulu

Zoona a Ngozo, koma ndionjezere za pansi, chifukwa ndi pomwe mikangano imabadwira. Kontrakitala amapereka mtengo mapulani ake asanathe. Ngati boma silinaboole nthaka kuti lione zomwe zili pansi, iye amangolota. Dedza ndi ya miyala: pena thanthwe lili pafupi, pena ndi dambo la dothi lomata lomwe limafufuma ndi madzi. Akaopa, amakweza mtengo. Akapanda kuopa, adzabwera ndi madandaulo ntchito ili mkati. Ndiye tenda isanatuluke, pabooledwe pamalo pa mzati uliwonse ndi mbali zonse ziwiri pomwe mlatho udzatsamire, zotsatira zipatsidwe kwa onse opikisana.

Chachiwiri ndi malo. Malire a msewu waukulu ndi mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati, koma mphambano ya mlatho simakwana m'menemo. Werengani nokha: mpata wa pansi kuphatikiza kuchindikala kwa mlatho ndi mamita pafupifupi 7. Kukwera pamenepo pa chitunda cha 5 peresenti kumafuna mamita 140, osawerengera poyambira ndi pothera chitundacho. Amenewo ndi magolosale, minda ya mbatatesi, mwina manda. Chipukutamisozi ndi udindo wa boma, ndipo chikachedwa makina amangokhala, kontrakitala n'kumawerengera tsiku lililonse. Mapolo a ESCOM, mapaipi a Central Region Water Board ndi mawaya a intaneti okwiriridwa, pangano linene poyera wosuntha ndani, wolipira ndani.

Mwana wa ku Bembeke

Zikomo mayi. Nanga poti wojambula amalipidwa ndi womanga, amayang'anira ntchito ndani?

A Ngozo a pa Mphate

Boma limalembabe injiniya wake, ndipo mapulani a mlatho aziunikidwa ndi katswiri wina wosadya m'mbale ya kontrakitala. Kenako muike poima: asathire konkire zitsulo zisanaonedwe, asaike dothi lina pamwamba, la pansi lisanayezedwe. Dothi lithiridwe mamilimita 150 nthawi imodzi n'kutsenderedwa. Konkire ayezedwe pa masiku 7 ndi 28. Malo ovuta kwambiri ndi kuseri kwa zipupa za mlatho, komwe chigalimoto chotsendera sichifika bwino. Pakachitika ulesi pamenepo, mvula ziwiri zokha msewu umatitimira, thiraki n'kumadumpha polowa pa mlatho. N'chifukwa chake chaka chimodzi chomwe kontrakitala amapatsidwa kuti akonze zolakwika ntchito ikatha n'chochepa pa ntchito yotere, ndi bwino kuchitalikitsa m'pangano.

Mdzukulu wa ku Kasumbu

Tisanafike pa mlatho, tiyambe tawerenga magalimoto masiku 7, tsiku la msika likhalemo, ndi kuona angati akukhota. Mphambano zambiri za kuno zingachire ndi njira yapadera yodikirira okhota kumanja, magetsi ndi roundabout yomwe thiraki ya ngolo ingazungulire osakwera pakati. Ubwino wa design-build ndi woti opikisana amaloledwa kubweretsa nzeru zina zotere, bola posankha musayang'ane mtengo wokha. Ndipo msewu wongoyembekezera ulembedwe m'pangano kuti ukhale wa phula. Wa dothi pa chitunda, m'nkhungu ya ku Dedza ndi mvula ya Januwale, thiraki imodzi ikangotitimira ndiye kuti ulendo wa pa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre waima.